Mawu a Amisiri: Zoyenera Kudziwa Musanakonzetse Chimbudzi ndi Bafa



Pa 29 February 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha chaka chimenecho chinali tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 a mu Zambia anakhudzidwa, ndipo chimanga cha pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni chinapserera m'minda. Chilalacho chinatipeza tili kale pa maliro, pakuti mliri wa kolera umene unabuka mu October 2023 unagwira anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700, ambiri a iwo m'chigawo cha Lusaka.

Mlendo akhoza kuganiza kuti ku Kafue madzi sangasowe. Mtsinje uli pafupi, ndipo gawo lina la madzi amene anthu amamwa ku Lusaka limachokera kunoko, pa malo oyeretsera madzi a Iolanda. Koma madzi safika okha pa mpope. Amafuna makina opopa, makinawo amafuna magetsi, ndipo mu 2024 magetsi ankazima maola ambiri tsiku ndi tsiku chifukwa madzi anatsika kwambiri ku Kariba. Chimbudzi chamadzi chikasowa madzi chimasanduka chonyansa m'kati mwa nyumba. Nacho chimbudzi chokumba sichipulumuka. Dothi likauma limang'ambika, ndipo mvula ikadzabwera madzi amalowa m'ming'alumo n'kugumula dzenje. Paja walira mvula walira matope.

Motero mabanja a ku Nangongwe ndi m'makomboni ena, ndiponso madikoni oyang'anira malo a mipingo, amafika pa nthawi yoitana mmisiri kuti akonze chimbudzi ndi bafa. Mmisiri akabwera amalankhula mawu a ntchito yake, ambiri a Chingerezi, ndipo ife eni ndalama timangogwedeza mutu poopa kuoneka osadziwa. Safunsa anadya phula. Kapepala kano kakufotokoza mawuwo. Tineneretu chimene taona: mawu amene timawamva msanga, monga matailosi, penti ndi shawa, ndi a zinthu zooneka ndi maso. Koma mawu amene amasunga ndalama ndi moyo ndi a zinthu zokwiriridwa pansi, zimene simudzazionanso ntchito ikatha.

MAWU A PA PEPALA LA MTENGO

"Kotesheni" ndi pepala limene mmisiri amalembapo zipangizo, kuchuluka kwake ndi mtengo wake ntchito isanayambe. Mtengo wongonena pakamwa si kotesheni. Pa pepalapo muyang'ane mawu awa. Akalemba "labour only", ndiye kuti mukulipira manja ake okha, ndipo simenti, mchenga, mapaipi ndi galimoto yonyamulira zili kwa inu. Akalemba "supply and fix", ndiye kuti agula yekha n'kumanga. Njira yachiwiriyi imapumitsa mutu, koma muuzeni alembe mtundu ndi kukula kwa chipangizo chilichonse, chifukwa mawu akuti "paipi" paokha sanena ngati ndi yochindikala kapena yopyapyala yosweka ndi dzuwa.

"Poketi" kuno kwathu ndi thumba la simenti la makilogalamu 50, kaya ndi ya ku Chilanga kapena ya kampani ina. Gwirani thumbalo musanagule. Likakhala ndi zibuma zosaphwanyika ndi chala, ndiye kuti linalowa chinyezi ndipo mphamvu yake yachepa.

"Mix" ndi muyeso wosakanizira. Akati 1:2:4, tanthauzo lake ndi ndowa imodzi ya simenti, ndowa 2 za mchenga ndi ndowa 4 za miyala yophwanya. Umenewu ndiwo muyeso wa konkire ya silabu. Akatchula manambala awiri okha, monga 1:4, ndiye kuti mulibe miyala, ndipo chimenecho ndi "mortar", matope a simenti omangira njerwa kapena opakira khoma. Nambala yoyamba nthawi zonse ndi simenti. Poyeza agwiritse ntchito ndowa imodzimodzi yodzaza mofanana, osati fosholo, pakuti fosholo imanyamula mchenga wonyowa wambiri kuposa simenti youma.

Mchenga nawo uli mitundu iwiri. "River sand" ndi wa mu mtsinje, wokhakhala, woyenera konkire. "Building sand" ndi wosalala, womangira ndi wopakira pulasitala. Tengani wodzaza dzanja, muuthire m'botolo la madzi, mukhutchumule n'kuusiya usiku. Matope akakhazikika ochindikala pamwamba pa mchengawo, musaulandire.

DZENJE

Pano tikhalitsapo, chifukwa m'dzenjemo ndimo ndalama zambiri zimatayikira.

"Lining" ndi khoma la njerwa kapena mabuloko lomangidwa m'kati mwa dzenje kuti dothi lisagumuke. M'malo otsika oyandikana ndi mtsinje wa Kafue mumapezeka dothi lakuda lamakande, limene limafufuma likanyowa ndi kung'ambika likauma. Kwina kuli mchenga wosagwirana. Konseko dzenje lopanda lining ndi msampha. Tinaonapo chimbudzi cha pa malo ena opemphererapo, chopakidwa penti bwino, cha zitseko zachitsulo, chitapendekeka ndi mvula yoyamba chifukwa ndalama zonse zinathera pamwamba. Mwamwayi munalibe munthu.

Lining yabwino ili ndi zigawo ziwiri. Kumtunda, theka la mita kapena kuposerapo, njerwa zimangidwe ndi mortar wokwanira popanda mpata uliwonse, kuti madzi a mvula ndi makoswe asalowe. Kumunsi mmisiri amasiya timipata pakati pa njerwa kuti madzi a m'dzenje azilowa m'nthaka pang'onopang'ono. Kamangidwe kameneka amakatcha "honeycomb", kutanthauza zisa za njuchi. Mukaona mipatayo musaganize kuti akuba simenti. Dzenje lozungulira limalimba kuposa la ngodya zinayi, chifukwa dothi likapanikiza njerwa zimakankhana zokhazokha, monga zimachitira m'chitsime.

"Ring beam", ena amati "collar", ndi mkombero wa konkire kapena wa njerwa pamwamba pa dzenje, pamene silabu imakhala. Ukwere masentimita 15 kapena kuposerapo pamwamba pa nthaka kuti madzi othamanga azilambalala.

"Water table" ndi pamene madzi a pansi pa nthaka amayambira, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amanyengeka pambuyo pa chilala. Wokumba mu September kapena October amapeza dzenje louma mpaka pansi, nakondwera. Koma madzi a pansi amakwera ndi mvula, kotero kuti pofika February dzenje lomwelo likhoza kudzaza n'kusefukira pabwalo pamene ana amasewera. Musafunse wokumba yekha. Funsani amayi amene akhala pamalopo zaka zambiri kuti m'chaka cha mvula yochuluka madzi a m'zitsime zapafupi amafika pati. Pansi pa dzenje pakhale mita imodzi ndi theka kapena kuposerapo pamwamba pa malire amenewo, ndipo chimbudzi chikhale kumunsi kwa chitsime kapena borehole, pa mtunda wa mamita 30. Tikudziwa kuti m'komboni mapuloti ndi aang'ono ndipo mamita 30 nthawi zina sapezeka. Zikatero madzi a chitsime chosayacho asamwedwe osawiritsa kapena osathira klorini.

Ngati madzi ali pafupi, mmisiri adzatchula "raised pit". Ili ndi dzenje losaya limene lining yake imapitirira pamwamba pa nthaka, yopakidwa pulasitala mkati ndi kunja, yokwiriridwa ndi dothi m'mbali, ndipo munthu amakwera masitepe polowa. Limadya njerwa zambiri, ndipo agogo amavutika kukwera ngati simuikapo chogwirira, koma m'malo otsika ndilo loyenera.

Nanga dzenje likule bwanji? Akatswiri a zaukhondo amawerengera kuti munthu mmodzi amadzaza malita 40 mpaka 60 a dzenje pa chaka. Dzenje lozungulira la mita 1.2 m'mimba mwake ndi mamita 3 kuya, mukasiya theka la mita kumtunda, limalandira malita pafupifupi 2,800. Banja la anthu 6 likhoza kuligwiritsa ntchito zaka 7 kapena kuposerapo. Koma pa puloti ya lendi pamene pali mabanja 4, zakazo muzigawe panayi. Ubwino wina wa lining ndi wakuti dzenje likadzaza likhoza kuchotsedwa zam'kati, monga amachitira magulu ophunzitsidwa ntchitoyi ku Kanyama ndi ku Chazanga mu Lusaka, m'malo mokumba lina pa puloti yopanda malo. Matewera ogula m'sitolo, mapulasitiki ndi mabotolo siziola, ndipo zimatseka zida za ochotsawo.

SILABU

Silabu ndi chivundikiro cha konkire chimene munthu amapondapo, ndipo pansi pake pali dzenje la mamita 3. Ichindikale masentimita 7 kapena 8. "Reinforcement" ndi zitsulo zoikidwa m'kati mwa konkire. Akati "Y10" akunena chitsulo chazinyazinya cha mamilimita 10, ndipo akati "conforce" akunena waya wowotcherera wooneka ngati ukonde. Musasokoneze ndi "brickforce", kawaya kopyapyala kogoneka pakati pa mizere ya njerwa m'khoma. Kameneka sikanganyamule munthu. Zitsulo zikhale chakumunsi kwa silabu koma zokutidwa ndi konkire mbali zonse. Zikagona pa dothi nthawi yothira, zimatulukira kunsi, mpweya wa m'dzenje n'kuzidya dzimbiri inu osaona.

Pali silabu ina yopanda chitsulo, yotchedwa "dome slab", imene inayambira ku Maputo m'dziko la Mozambique chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Ndi yozungulira, ya mita 1.5 m'mimba mwake, yotukuka pakati ngati mbale yovundikira, ndipo mphamvu yake ili m'kutukukako. Imafuna simenti yochepa koma imafuna mmisiri wophunzira kuiumba.

Tsopano mawu amene amanyozedwa kwambiri: "curing". Ambiri timaganiza kuti konkire imalimba ikauma. Ayi. Imalimba chifukwa simenti ikugwirizana ndi madzi pang'onopang'ono, ndipo ikauma msanga kulimbako kumalekera pomwepo. Curing ndi kusunga konkire ili yonyowa masiku 7, ndipo mphamvu yake yonse imafikapo pa masiku 28. Madzi akamavuta, anthu amadumpha ntchito imeneyi poganiza kuti akupulumutsa madzi, chonsecho akutaya simenti. Sipafunika madzi ambiri. Umbirani silabu pamthunzi, muifunditse masaka kapena mchenga wonyowa, pamwamba muyale pulasitiki, ndipo muziwaza madzi pang'ono m'mawa ndi madzulo. Mmisiri wofuna kuika silabu pa dzenje tsiku lachiwiri akuthamangira malipiro ake, osati chitetezo cha ana anu. Isanaikidwe, ikhazikeni pa njerwa m'mphepete mwake, pafupi ndi nthaka, ndipo akuluakulu 5 kapena 6 aimirirepo pamodzi. Ngati ili yoti isweke, iswekere pamenepo.

"Squat hole" ndi chibowo chenichenicho. Mulifupi mwake chisapitirire masentimita 18 kuti mwana asagweremo. "Foot rests" ndi zopondapo ziwiri zotukuka, zimene zimathandiza munthu kulunjika pa chibowo ngakhale usiku.

VIP NDI SANPLAT

Wina akamva "VIP" amaganiza kuti ndi chimbudzi cha mabwana. Zilembozo zikuimira mawu a Chingerezi otanthauza dzenje lokonzedwa bwino lotulutsa mpweya. Anachiyambitsa ndi Peter Morgan ku Blair Research Laboratory, mu mzinda umene lero ndi Harare, m'zaka za m'ma 1970, n'chifukwa chake ku Zimbabwe amangochitcha Blair.

Mtima wake ndi "vent pipe", paipi yoimirira yochokera m'dzenje kupita kumwamba. Mphepo ikamadutsa pamwamba pa paipiyo imakoka mpweya wonunkha kuchokera m'dzenje, ndipo mpweya wabwino umalowa pa chitseko n'kutsikira pa chibowo. Ntchentche zoswedwa m'dzenje zimatsata kuwala. M'kanyumbamo mukakhala kamdima, kuwala kumene zimakuona ndi kwa pamwamba pa paipi, ndipo zikakwera zimapeza "fly screen", sefa yotseka kukamwa kwa paipi, n'kufera momwemo. Pa kuyesa kumene kunachitika ku Zimbabwe, m'masiku 78 anagwira ntchentche 13,953 zotuluka m'chimbudzi chopanda paipi, koma 146 zokha m'chimbudzi cha paipi.

Tsono kuti zimenezi zitheke, paipi ikhale ya mamilimita 110, yowongoka, yopitirira denga ndi theka la mita. Kapaipi kakang'ono kamadzi sikakoka mpweya. Ena amamanga chumuni cha njerwa m'malo mwa paipi, ndipo n'chabwino ngati m'kati mwake muli masentimita 22 mbali zonse ndi mosalala. Pamwamba pasaikidwe chipewa chotchinga kuwala. Sefa ikhale ya aluminiyamu kapena ya chitsulo chosachita dzimbiri, popeza waya wamba amadyeka msanga ndi mpweya wa m'dzenje. Khomo liyang'ane kumene mphepo imachokera, kumene kuno nthawi zambiri ndi kum'mawa. Kamodzi pa mwezi thirani kapu ya madzi kuchokera pamwamba kuti muchotse ulusi wa akangaude. Paipi yopanda sefa ndi msewu wa ntchentche, ndipo chimbudzi chotero si VIP ngakhale kotesheni itanena choncho.

"SanPlat" ndi njira ina, yotsika mtengo. Ndi kasilabu kosalala ka masentimita 60 mbali zonse, kokhala ndi chibowo, zopondapo ndi chivundikiro chothina, koikidwa pamwamba pa chimbudzi cha mitengo ndi dothi chimene muli nacho kale, ngati mitengoyo idakali yolimba. Anakafalitsa ndi Björn Brandberg wa ku Sweden, ku Malawi m'zaka za m'ma 1980.

Onetsetsani kusiyana kwake, chifukwa malangizo a ziwirizi amatsutsana. Pa SanPlat chivundikiro chibwezeredwe nthawi zonse, popeza ndicho chimatsekera ntchentche ndi fungo. Pa VIP chibowo sichitsekedwa, popeza mukachitseka mpweya umaleka kuyenda. Ife tikuti ngati ndalama zachepa, SanPlat yovundikiridwa mokhulupirika iposa VIP yomangidwa theka. Panja pake muikepo chosambira m'manja ndi sopo kapena phulusa. Ndowa ya kampopi yokhala pa choimikira, imene ambiri amaitcha ya Kalingalinga, imagwira ntchitoyi ndi madzi ochepa.

BAFA

Bafa limawonongeka ndi madzi osowa kolowera. Mawu aakulu apa ndi "fall", ena amati "slope", ndiko kupendekeka kwa pansi kuti madzi azithamangira ku chibowo chotulukira. Masentimita 2 pa mita iliyonse ndi okwanira. Fall imapangidwa ndi "screed", mortar wopaka pamwamba pa konkire, wochindikala ku khoma ndi wopyapyala pa chibowo. Matailosi sakonza fall yolakwika, amangoitsatira.

Pulasitala wa m'bafa akhale wa simenti yochuluka, monga 1:3, mpaka pa msinkhu wa mutu wa munthu. Khoma lisalazidwe ndi "steel float", chopakira chachitsulo, kuti madzi asalowe. Koma pansi pamalizidwe ndi "wood float", chopakira chathabwa, kuti pakhale pokhakhala pang'ono. Pansi posalala kwambiri pakathiridwa sopo pamathyola anthu miyendo. "DPC" ndi pulasitiki yakuda yogoneka pansi pa mzere woyamba wa njerwa kuti chinyezi chisakwere m'khoma. Ndi yotsika mtengo, koma khoma likaima simungaiikenso.

Za matailosi tingonena pang'ono. Amagulidwa pa "square metre", malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi. A pa khoma ndi oterera ndi osalimba, asaikidwe pansi. "Tile fix" ndi chomatira, ndipo "grout" ndi chotsekera mipata ya pakati pa matailosi. Banja limene likusankha pakati pa matailosi ndi soakaway lisankhe soakaway.

"Soakaway" ndi dzenje lolandira madzi osamba kuti alowe m'nthaka m'malo moyenda pa njira ya anthu kapena kudikha pakhomo la mnansi. Limakumbidwa mita imodzi kapena imodzi ndi theka, n'kudzazidwa miyala ikuluikulu pansi ndi ing'onoing'ono pamwamba, kenaka masaka ndi dothi, kuti udzudzu usapeze poswera. Litalikirane ndi maziko a nyumba, ndi chitsime, ndiponso ndi chimbudzi. Musalole kuti madzi a m'bafa alunjikitsidwe m'dzenje la chimbudzi chokumba, ngakhale mmisiri atati paipi ifupika. Dzenjelo limadzaza msanga ndipo makoma ake amafewa. M'dothi lamakande madzi salowa mofulumira. Yesani motere: kumbani kadzenje kolekeza m'mawondo, mukadzaze madzi madzulo. M'mawa akakhala adakalimo, funsani za "French drain", ngalande yaitali yosaya yodzazidwa miyala, ndipo m'mbali mwake mubzale nthochi kuti zizimwa madziwo.

Madzi osamba ndi ochapira amawatcha "grey water". Pa nthawi ya chilala si otaya ayi. Akhoza kuthiridwa ku mitengo ya zipatso kapena kugujumulira chimbudzi, koma osati ku ndiwo zamasamba zodya zaziwisi. Amatuluka pa "waste pipe", paipi ya mamilimita 40 kapena 50, n'kugwera mu "gully", kabokosi ka kunja kwa khoma kokhala ndi sefa yogwira tsitsi ndi zinyalala.

CHIMBUDZI CHAMADZI

Ntchito iyi ndi ya pulambala. "Pan" ndi mbale yokhalapo, ndipo "cistern" ndi kathanki ka kumbuyo. Funsani kuti kamatulutsa malita angati. Akale ambiri amatulutsa malita 9 kapena kuposerapo, atsopano malita 6. Banja la anthu 6, aliyense akagujumula kanayi pa tsiku ndi cistern ya malita 9, latha malita 216, pafupifupi zigubu 11 za malita 20. Amene amatunga madziwo ndi amayi ndi atsikana, choncho afunsidwe chimbudzi chotere chisanagulidwe. "Pour flush" ndi mbale yopangidwa kuti izigujumulidwa ndi madzi othira pamanja, malita 2 kapena 3 okha, ndipo sidalira mpope. Ngakhale muli ndi chimbudzi chamadzi, ngati malo alipo musakwirire chokumba chimene chidakali cholimba. Chaka cha 2024 chinationetsa ntchito yake.

M'kati mwa cistern muli "ball valve", mpira woyandama umene umatseka madzi kathanki kakadzaza. Kalabala kake kakatha, madzi amatuluka pa "overflow" usana ndi usiku. Dontho limodzi pa sekondi limataya pafupifupi chigubu chimodzi pa tsiku, ndipo mita ya madzi imawerenga ndithu. "Stop cock" ndi kampopi kotsekera madzi pokonza. Uzani pulambala aike kamodzi pafupi ndi cistern, ndipo aliyense m'nyumba adziwe pamene pali kakakulu.

"Trap" ndi malo okhota a paipi amene amasunga madzi pang'ono kuti atsekere fungo ndi mphemvu zochokera kunsi. Madzi amene mumawaona pansi pa pan ndi amenewo. Pan ya "P-trap" imatulutsira kumbuyo, kudzera m'khoma, ndipo ya "S-trap" imatulutsira pansi. Onani paipi yanu musanapite kusitolo, chifukwa si ogulitsa onse amene amalola kubweza. Madzi akasowa masiku ambiri, trap imauma ndipo nyumba imanunkha. Kuthiramo madzi pang'ono, ngakhale osamba, kumathetsa vutolo.

Zonyansa zimatuluka pa "soil pipe" ya mamilimita 110. Nayo imafuna fall, ndipo akati 1:40 ndiye kuti paipi itsike masentimita 2.5 pa mita iliyonse. Ikagona mosapendekeka imatseka kawirikawiri. Pamene paipi ikhota pakhale "manhole", kabokosi kovundikira kolowetsapo ndodo zotsegulira.

"Septic tank" ndi dzina limene limapatsidwa ngakhale zinthu zosayenera dzinalo. Yeniyeni ndi thanki yosadontha, ya konkire pansi, yopakidwa pulasitala m'kati, yogawidwa zipinda ziwiri, choyamba chachikulu kawiri kuposa chachiwiri. Zolemera zimakhazikika pansi, ndizo "sludge". Mafuta amayandama pamwamba, ndiwo "scum". Madzi a pakati okha ndiwo amatuluka kupita ku soakaway yakeyake, kudzera pa paipi yooneka ngati chilembo T imene imaletsa zoyandama kutuluka. Madziwo adakali ndi tizilombo ta matenda, choncho lamulo la mamita 30 likugwiranso ntchito. Thanki yopanda konkire pansi si septic tank, ndi dzenje chabe lothira zonyansa m'madzi a pansi. Wina akakuuzani kuti yake ndi yabwino chifukwa sidzadza, dziwani kuti ikudontha. Yabwino imafuna kupopedwa sludge ikafika chapakati.

"Sewer" ndi paipi yaikulu ya tauni yonyamula zonyansa. Ngati idutsa pafupi ndi puloti yanu, olumikiza ndi a Lusaka Water Supply and Sanitation Company, amene amatumikiranso Kafue, osati pulambala payekha usiku. Za malo oyenera kukumba, ogwira ntchito ya zaukhondo a ku kiliniki ndi a ku khonsolo akhoza kukulangizani musanayambe.

MUSANAMALIZE KULIPIRA

Gwirizanani kuyambira pachiyambi kuti malipiro adzaperekedwa m'zigawo, ndipo zilembedwe pa kotesheni: chigawo china lining ikatha, china silabu ikaikidwa, china denga likakwera. Chigawo chomaliza, chimene amisiri amachitcha "retention", chimasungidwa mpaka ntchito iyesedwe. Mmisiri wokhulupirika sakana zimenezi, ndipo nafenso tisamuchedwetsere malipiro ake ntchito ikakhala bwino.

Musalole kuti paipi, lining kapena soakaway zikwiriridwe inu kapena munthu wanu asanazione. Thirani ndowa ya madzi m'bafa n'kuyang'ana ngati atsala pangodya. Tsegulani manhole wina akugujumula m'nyumba, muone ngati madzi akudutsa osaima. Dzazani septic tank ndi madzi, muike chizindikiro, mudzaonenso mawa lake. Pa VIP, yatsani kapepala pafupi ndi chibowo tsiku la kamphepo: utsi uzilowa m'dzenje, osati kukwera m'kanyumba, koma motowo musauponye m'katimo. Gogodani matailosi ndi kandalama kachitsulo, ndipo olira ngati ng'oma achotsedwe n'kumatidwanso. Pomaliza, pemphani mmisiri ajambule kuseri kwa kotesheni pamene mapaipi adutsa ndi pamene soakaway ili, powerenga mapazi kuchokera pa ngodya ya nyumba. Pepalalo mulisunge pamodzi ndi mapepala a puloti.